Thandizo la Boma kwa Amisiri a m'Midzi

Ku Tsangano ndi ku Lizulu tomato, kabichi ndi mbatata ya kachewere zimachuluka ndithu, koma zambiri zimaola asanabwere ogula. Pamenepa tifuna amisiri athuathu: owotcherera zitsulo, okonza mapampu a madzi, oika magetsi a dzuwa, ndi opanga zida zoumitsira ndiwo.

Kodi maphunziro apezeka kuti? Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999, ndilo liyang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Ndalama zake zichokera kwa olemba anthu ntchito, amene apereka tambala imodzi pa kwacha iliyonse ya malipiro. M'chaka cha 2015 Boma linayambanso kutsegula makoleji a ntchito zamanja m'maboma.

Nanga wofuna kupanga chida chatsopano? Lamulo la 2003 linakhazikitsa bungwe la sayansi la NCST, limene likulu lake lili ku Lilongwe. Bungweli limalengeza mipikisano ya ndalama za kafukufuku. Ndalamazi sazigawa pabwalo la mfumu ai. Zipita kwa amene alongosola papepala vuto lake, mankhwala ake ndi mtengo wake. Mmisiri achita bwino kugwirizana ndi akatswiri, monga a ku Bunda.

Chotero lembetsani bizinesi yanu ku Boma, sungani buku la ndalama zolowa ndi zotuluka, ndipo funsani ku ofesi ya Bwana DC pa Ntcheu. Inu aphunzitsi, awerengereni anyamata ndi atsikana nkhaniyi. Paja safunsa anadya phula.