Ulendo wa ku Cape Maclear: zoyenera ndi zosayenera

Tchuthi chikangonunkhira, tauni yonse imayamba kuimba nyimbo imodzi: kunyanja, kunyanja. Ndawaona akupita, ndawaonanso akubwerako. Wina foni itamwa madzi, wina atayambana ndi mwini boti, wina atatha masiku atatu pabala, nkhongo italoza kunyanja komwe anawonongera petulo. Inu ndinu ochenjera, ndikudziwa. Komabe khalani pansi pang'ono, achimwene ndi achemwali, ndikutsineni khutu za ku Cape Maclear, komwe eni ake amati kwa Chembe. Kumeneko ndi kumudzi kwa anthu, ndi kuntchito kwa asodzi, ndipo madziwo ali ndi mtima wawo.

ZOYENERA

• Nyamukani m'mamawa, chifukwa Khwekhwerere, msewu wotsetserekera ku Golomoti uja, amafuna maso a masana ndi mabuleki amoyo.

• Patukirani ku Mua ngati mwadzera njira imeneyo. Mishoni ya mu 1902 ija ili ndi malo a Kungoni, komwe zigoba za gule wamkulu zidzawatseka pakamwa ana amene amafunsa kuti "tafika?" mphindi iliyonse.

• Tengani ndalama zapamanja, poti netiweki ikathawa ndalama za pafoni zimasanduka nthano.

• Lipirani pachipata cha paki, lisiti musunge. Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980, UNESCO inaiika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984, ndipo inu eni dziko mumalipira zochepa kuposa alendo akunja, ndiye manyazi kuzemba.

• Mtengo wa boti mugwirizane mapazi ali pamchenga. Funsani ngati mafuta, magalasi osambira ndi nsomba ya nkhomaliro zili momwemo, poti kukambirana mtengo pakati pa madzi wopambana amadziwika kale.

• Funsani asodzi za mphepo. Mwera wa mu Juni mpaka Ogasiti sulemba kalata, koma iwo amauona usanafike.

• Valani jekete yoyandamitsa ndipo muimange, osangoikoleka pakhosi kuti mujambulitse.

• Ku chilumba cha Thumbi kapena ku Otter Point, lowetsani nkhope m'madzi. Apa ndiye ndikukakamizani. Mbuna zabuluu, zachikasu, zamizeremizere zimakuzungulirani ngati mwazibweretsera uthenga, ndipo nyanja yathuyi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi. Azungu amakwera ndege usiku wonse kudzaona zimenezi. Inu mwangokwera minibasi, ndiye mubwerere musanazione?

• Konzekeranitu kamera mnyamata wa boti asanaimbe likhweru n'kuponya nsomba, poti nkhwazi ikatsika sibwereza chifukwa choti inu munali kusakasaka batani.

• Kaoneni manda a amishoni. Livingstonia yoyamba inamangidwa pompano mu 1875, malungo n'kuwasamutsira ku Bandawe mu 1881, ndipo udzudzuwo sunasamuke nawo: gonani m'neti.

• Imani pa Mwala wa Mphini m'mbali mwa msewu wolowera kwa Chembe, ana aone mwala wotemedwa mphini ngati tsaya la agogo, chonsecho palibe munthu anaugwira ndi lumo.

• Patulani tsiku limodzi la ku Mangochi boma. Pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, mfuti ya sitima ya Gwendolen yomwe inamenya nkhondo panyanjayi mu 1914, ndi nyumba yosungiramo mbiri ya nyanja, zonse mtunda woyenda wapansi.

• Kaoneni Ilala padoko la Monkey Bay, koma funsani kaye ngati ilipo: yakhala ikuyenda chiyambire 1951, ndipo gogo wa msinkhu umenewo amagonekedwa m'chipatala nthawi zina.

• Dzukani m'bandakucha mukaone maboti a usipa akukocheza. Nyali zomwe munaziona usiku zitandandalika pamadzi ngati tauni, eni ake ndi amenewa.

• Perekani moni, "zikomo" patsogolo, chifukwa mchenga mukupondawo ndi bwalo la eni ake.

• Mukabwerera, pakatha milungu 6 mpaka 8, pitani kuchipatala mukanene kuti munasamba m'nyanja, poti likodzo limalowa mwakachetechete pakhungu.

ZOSAYENERA

• Musanyamuke dzuwa litapendeka, dalaivala botolo lili pakati pa miyendo. Nyanja sithawa, mudzaipeza.

• Musalowe m'madzi mutamwa. Apa sindiseka. Khirisimasi, Chaka Chatsopano, Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala, ndi masiku amene mabasi amapita akuimba, ena n'kubwerera mpando umodzi uli wopanda munthu. Mowa umauza munthu wa ku Ntchisi kuti ndi Mtonga wa ku Nkhata Bay, ndipo madzi samva nawo bodzalo.

• Musakwere boti lodzaza kale, ngakhale akuuzeni kuti "malo alipo, bwana", poti si minibasi yoti ikafa mutsika n'kukankha.

• Musadalire chubu cha tayala kapena chibaluni cha mwana, chifukwa kamphepo kochokera kumtunda kamachikankhira pakati inu mukucheza.

• Musamusiyire mwana mnzake kuti amuyang'anire. Ana a kwa Chembe anabadwira m'madzimo, wanuyo anazolowera beseni.

• Musasambe m'mabango kapena pamathiriro a mtsinje, komwe ng'ona, mvuu ndi nkhono za likodzo zimachita lendi limodzi.

• Musasambe usiku, poti amene angakuvuuleni sakuonani.

• Musamwe mankhwala a likodzo tsiku lomwe mwavuuka m'madzi n'kumati mwathana nalo. Praziquantel amagwira bwino nyongolotsi zikakula. Mukafulumira mwangowawitsa kukamwa.

• Musawapatse anyani nthochi, musasiyenso zenera la galimoto lotsegula: mukawapatsa imodzi, jumbo yonse adzatenga okha.

• Musaponye mbedza m'mbali mwa zilumba kapena kutengera mbuna m'botolo. Madzi a mamita 100 kuchokera pagombe la paki ndi otetezedwa, ndipo kansombako kadzafa musanafike pa Golomoti.

• Musajambule amayi akuchapa kapena kusamba padooko. Inuyo mlendo atakusuzumirani kubafa ndi kamera mungamve bwanji?

• Musayende m'mudzi ndi kabudula wosambira yekha. Chitenje sichilemera, ndipo ku Mangochi mudzadutsa pamizikiti yambiri.

• Musamwaze ndalama ndi maswiti kwa ana a pagombe, chifukwa mawa adzajomba kusukulu kudikira galimoto ina.

• Musanenerere mpaka msodzi agwetse nkhope. Kunenerera n'kwathu, inde, koma munthu amene kubala mwalipira osafunsa mtengo musadzaumire pa amene wagona pamadzi usiku wonse.

• Musagule kasawala, ngakhale atsike mtengo bwanji, poti kasawala ndi chambo chomwe sichinakule, ndipo chambo chikusowachi chinapita choncho. Mu Novembala ndi Disembala, nthawi yoti chiswane, idyani kampango kapena nkhuku, simufa.

• Musakwirire matewera, mabotolo ndi majumbo mumchenga, chifukwa funde limafukula zonse pamalo pomwe anthu amatunga madzi.

• Musaphulitse sipika mpaka tambala woyamba. Oyandikana nanu anabwera kudzamva mafunde, osati nyimbo imodzimodzi kakhumi.

• Musalowe m'madzi foni ndi makiyi a galimoto zili m'thumba. Mukuseka, koma chaka chino wina adzachitanso, ndipo makiyi apadera adzakhala ali ku Area 25.

• Musabwerere kwanu chimanjamanja. Amayi akudikira usipa wofutsa, ndipo muumange panja pa galimoto, osati m'chikwama cha zovala.