Kuphunzitsa Kusoka Chophulira Mphika

Pa zinthu zonse zimene ana a Sitandade 5 kapena 6 angasoke, ife timakonda kuyambira pa chophulira mphika. Nchaching'ono, sichilira makina, ndipo zigamba zake mwana angathe kukapempha kwa telala wa pakhonde la sitolo. Koma aphunzitsi ambiri atsopano amapereka malikisi poyang'ana maluŵa a pamwamba, naiŵala za m'kati.

Ifenso tinalakwapo chomwecho. Chaka china tinayamikira chophulira cha mtsikana wina chimene chinali ndi nyenyezi ya zigamba zofiira ndi zachikasu. Patapita sabata anabwera nacho chitakhwinyata, pakati pali chibowo, natiuza kuti chala cha amayi ake chatuluka thuza. M'kati anali ataikamo nayiloni, ndipo ife sitinamfunse.

Nchifukwa chake phunziroli tiliyambe ndi moto, singano ibwere pambuyo. Tituluke nawo panja anawo, ndowa ya madzi ili pambali. Mphunzitsi yekha asolole ulusi pa chigamba chilichonse, aupane ndi timitengo tiŵiri, nauyandikize ku kandulo. Ulusi wa thonje umayaka, umanunkha ngati pepala, nusiya phulusa lofeŵa. Wa nayiloni kapena poliyesitala umathaŵa moto, umasungunuka, nusiya kabulu kolimba. Ukadonthera pakhungu umakakamira. Ana asankhe okha zigambazo m'milu iŵiri. Tichenjere ndi bulangete lakale, pakuti mabulangete ambiri ngosungunuka. Thaulo lakutha la thonje ndilo labwino.

Kusoka kwake nkosavuta. Mwana adule nsalu ziŵiri za masentimita 20 mbali zonse, potsata katoni imene tamdulira, ndipo pakati aikepo zigamba za thaulo zitatu zocheperako pang'ono. Asoke mizere yodutsana, yotalikirana masentimita 3, apinde m'mphepete sentimita imodzi, nalumikize kachingwe kopachikira pa msomali. Pano tifotokoze bwino: chimene chimachedwetsa kutentha ndi mpweya wotsekeredwa pakati pa nsaluzo. Mwana wakhama amene athinanitsa mizere yake amafinya mpweyawo, ndipo chophulira chake chimapyapyala. Nkoŵaŵa kumuuza kuti asomole, koma timuuze ndithu. Chophulira chonyoŵa nachonso chimaotcha, chifukwa madzi amaloŵa m'malo mwa mpweya napititsa kutentha msanga.

Zokongoletsa tisaziletse, pakuti ndizo zimakopa mwana kuti amalize ntchito. Koma zikhale zogona pansaluyo, zosokedwa ndi ulusi wa thonje. Mabatani, mikanda ndi mphonje zolendeŵera tizikane, popeza pa mafuwa ndi pa mbaula malaŵi amanyambita m'mbali mwa mphika.

Pa tsiku lopereka malikisi tibweretse sefuliya ya madzi otentha. Mphunzitsi aigwire ndi chophulira chilichonse, ndi dzanja lake osati la mwana, naŵerenge mpaka 10. Chimene chimtentha asanafike pamenepo chisapite kunyumba: chisomoledwe, chiwonjezeredwe thaulo, nichiyesedwenso.