Masiku akatha pa pasipoti ku Joni: mafunso ndi mayankho

Ambiri mwa amene amakwera basi ya ku Joni pa Wenela mu Blantyre kapena ku Lilongwe amalowa m'dziko la South Africa ngati alendo odzacheza. Akadutsa Mwanza kapena Dedza, Tete, Nyamapanda ndi Harare, amafika pa Beitbridge, pomwe amawadindira masiku. Masikuwo amatha ntchito isanapezeke, kapena itangopezeka kumene, ndipo munthu amasankha kukhala. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amamuvuta munthu akaona kuti tsiku la pa chidindo layandikira kapena lapita kale.

Kodi Mmalawi amapatsidwa masiku angati polowa?

Osapitirira 30, ndipo safunika kufunsira viza asananyamuke. Koma 30 ndi malire chabe. Wodinda akhoza kulemba masiku ocheperapo, ndipo zomwe walembazo ndi zimene zimagwira ntchito. Tsegulani pasipoti musanachoke pa windo, muwerenge tsiku lomaliza ndi maso anu, ngakhale kondakitala akukufulumizitsani kuti basi ikunyamuka. Dziwaninso kuti masiku amenewa ndi ochezera basi. Salola kugwira ntchito, ngakhale ganyu wa m'munda wa maluwa.

Ndapitirira ndi masiku awiri okha. Kodi nawonso ndi mlandu?

Inde. Lamulo la Immigration Act la 2002, pamodzi ndi malamulo ake amene anayamba kugwira ntchito pa 26 Meyi 2014, limati aliyense wotuluka m'dzikomo masiku ake atatha alembedwe kuti ndi munthu wosafunikanso. Wopitirira ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi. Wopitirira kachiwiri mkati mwa miyezi 24 amaletsedwa zaka 2. Wopitirira ndi masiku oposa 30 amaletsedwa zaka 5.

Muone bwino pamenepa. Munthu amene wapitirira ndi masiku 29 ndi amene wapitirira ndi masiku 31 amasiyana ndi masiku awiri okha, koma chilango chawo chimasiyana ndi zaka zinayi. Anthu ambiri, masiku akangotha, amataya mtima n'kunena kuti "zawonongeka kale, bola ndingokhala." Zimakhala zisanawonongeke. Mwezi woyamba umenewo ndi nthawi imene munthu angathe kutuluka, n'kukadikira chaka chimodzi kumudzi, n'kudzabwereranso pachipata mosabisala.

Anzanga akuti ndingolipira chindapusa pa chipata. Ndi zoona?

Zinali zoona kale. Malamulo asanasinthe mu 2014, wopitirira masiku ankalipira chindapusa ndipo ankatha kubwereranso. Tsopano chindapusacho chinalowedwa m'malo ndi chiletso. Choncho munthu amene akukuuzani pa Beitbridge kuti mulowetse marandi m'kati mwa pasipoti akukuuzani kuti mupereke chiphuphu, ndipo kwa lamulo la kumeneko wopereka ndi wolandira onse ndi olakwa.

Nanga ndikatumiza pasipoti ndi dalaivala wa basi kapena transipota kuti akandidindire?

Funso ili ndi limene limandidetsa nkhawa kuposa onse, chifukwa njira imeneyi ndi imene imaoneka yanzeru. Munthu amakhala ku Tembisa kapena ku Mayfair, pasipoti yake n'kupita yokha ku Musina, pafupi ndi Beitbridge, n'kubwerako ndi zidindo ziwiri, chotulukira ndi cholowera. Akaiyang'ana amaona kuti ali bwinobwino.

Vuto ndi loti chidindo cha inki si umboni wokhawo. Kulowa ndi kutuluka kwa munthu kumalembedwanso mu kompyuta ya boma. Chidindo chikakhala chabodza, kapena chikadindidwa popanda kulowetsa kanthu mu kompyuta, tsiku limene mudzaima nokha pa windo kompyuta idzaonetsa kuti munalowa kalekale ndipo simunatulukepo, pomwe pasipoti ikunena kuti mumatuluka mwezi ndi mwezi. Pamenepo nkhani yasintha. Wongopitirira masiku amaletsedwa kwa nthawi yodziwika, ndipo nthawiyo ikakwana chiletso chimatha. Koma gawo 29 la lamulo lija limati munthu wopezeka ndi viza, chilolezo kapena pasipoti yachinyengo ndi woletsedweratu, ndipo chiletso chimenechi chilibe tsiku lothera. Chimachotsedwa pokhapokha mkulu woyendetsa unduna wa Home Affairs atavomera pempho lanu. Pamwamba pa izo pali mlandu wa chinyengo kukhoti. Mwalipira ndalama yanu kuti muthawe chaka chimodzi, n'kugula chiletso chopanda malire. Kuyambira mu 2023 zipata zili m'manja mwa bungwe la Border Management Authority, ndipo kugwidwa kwa anthu a zidindo zabodza pa Beitbridge si nkhani yachilendo. Palinso chiopsezo china chimene anthu sachiganizira: masiku onse amene pasipoti ili pa ulendo, inu mukuyenda mumsewu opanda pepala lililonse, ndipo ikasowa mulibe kokadandaula.

Kodi masiku angaonjezedwe ndili konko?

Angathe, ngati mwapempha asanathe. Pempho limaperekedwa ku maofesi a VFS Global, amene amalandira mapempho m'malo mwa Home Affairs, ndipo pamafunika chifukwa chomveka, umboni wa ndalama zodzisamalira ndi tikiti yobwerera. Pempho liyenera kulowa pakadali nthawi, osati tsiku lomaliza. Sungani lisiti.

Chimene simungachite muli konko ndi kusintha masiku ochezera kuti akhale chilolezo cha ntchito kapena cha sukulu. Zimenezo zimafunsiridwa kumudzi, ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe. Pali zifukwa zochepa zapadera zimene zimaloledwa, monga matenda oika moyo pachiswe, ndipo mu 2019 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, pa mlandu wa Nandutu, linatsegula njira kwa mkazi, mwamuna kapena mwana wa nzika ya dzikolo kapena wa munthu wokhala ndi chilolezo chokhazikika.

Bwanji ndikafunsire pepala la othawa kwawo, ngati anzathu a ku Congo?

Pepala limenelo ndi la munthu amene akuthawa nkhondo kapena kuzunzidwa chifukwa cha mtundu, chipembedzo, ndale ndi zina zotero. Umphawi ndi ulova, ngakhale zipweteke bwanji, sizili m'gulu limenelo. Pempho likakanidwa mumauzidwa kuti mutuluke. Ndipo "asailamu" yogula kwa munthu mumsewu ndi pepala lachinyengo, lomwe limakugwetserani m'dzenje lomwe lija la chidindo chabodza.

Ndani ali ndi mphamvu zondifunsa mapepala?

Wapolisi kapena ofisala woona za olowa ndi otuluka m'dziko. Gawo 41 la lamulo limapereka mphamvuzo kwa iwowa. Magulu a anthu wamba, monga Operation Dudula imene inayambira ku Soweto mu 2021, alibe mphamvu zimenezo. Kunena zoona, chikhamu chikakuzingani si nthawi yotsutsana nacho za malamulo. Pulumutsani moyo kaye.

Ndikagwidwa chimachitika n'chiyani?

Amakutsekerani ku polisi pomwe akufufuza ngati muli ndi chilolezo. Kenako pali njira ziwiri, ndipo nthawi zambiri munthu amadutsa zonse. Yoyamba ndi mlandu kukhoti la majisitireti: kukhala m'dzikomo popanda chilolezo chilango chake ndi chindapusa kapena ndende mpaka zaka 2. Yachiwiri ndi kubwezedwa kumudzi, ndipo ambiri amadikirira ulendowo ku Lindela, malo osungirako anthu obwezedwa kwawo omwe ali ku Krugersdorp, kumadzulo kwa Johannesburg.

Muli ndi ufulu ngakhale mapepala mulibe. Mu 2017, pa mlandu umene anasuma a Lawyers for Human Rights, khoti lalikulu linagamula kuti munthu wogwidwa kuti abwezedwe kwawo aonekere pamaso pa khoti mkati mwa maola 48. Lamulo linakhazikitsa kuti masiku onse osungidwa asapitirire 120. Muyenera kuuzidwa polemba kuti mukubwezedwa komanso kuti mukhoza kuchita apilo. Komabe zolembedwa ndi zochitika zimasiyana: bungwe la South African Human Rights Commission linachita kupita kukhoti, ndipo mu 2014 khoti linapeza kuti anthu ankasungidwa ku Lindela kupitirira masiku 120 mophwanya lamulo. Musasaine pepala limene simukulimva. Pemphani womasulira, pemphani loya wa Legal Aid South Africa, ndipo pemphani kuti ofesi ya kazembe wa Malawi idziwitsidwe.

Chimene chimawawa kwambiri ndi momwe kugwidwa kumabwerera. Munthu amatsika takisi m'mawa atavala ovolosi, chakudya cha masana chili m'jumbo, ndipo kunyumba sabwereranso. Firiji, bedi, malata amene ankasonkhanitsa kuti adzatumize, malipiro a mwezi umenewo, zonse zimatsala m'chipinda cha lendi chomwe mwini wake adzachitsegula mwezi ukatha. Amadzafika kumudzi ndi zovala za m'thupi zokha. N'chifukwa chake ndimati ndalama musamaunjike pansi pa matiresi, muzitumiza pang'onopang'ono. Jambulani masamba a pasipoti, mutumizire m'bale wodalirika pa WhatsApp. Nambala imodzi ya foni muziidziwa pamtima, chifukwa foni simukhala nayo m'chitokosi. Ngati muli ndi ana, pakhale munthu wodziwa sukulu yawo ndi nthawi yowerukira.

Pali kusiyana kotani pakati pa kutuluka ndekha ndi kubwezedwa?

Kwakukulu. Wotuluka yekha pa chipata amapatsidwa pepala lomuuza zaka za chiletso chake, n'kupitiriza ulendo ndi katundu wake. Wobwezedwa ndi boma amalowa m'gulu lija la oletsedweratu, mpaka atapempha ndi kuvomerezedwa. Wobwerera mozemba, kudzera m'tchire kapena powoloka Limpopo, akuonjezera mlandu pa mlandu, ndipo njira imeneyo ili ndi achifwamba otchedwa maguma-guma, ng'ona ndi madzi osefukira nthawi ya dzinja.

Ndinapitirira chifukwa ndinagonekedwa m'chipatala. Chiletso chingachotsedwe?

Mukhoza kupempha. Home Affairs ili ndi nthambi yolandira madandaulo a opitirira masiku. Mulembe kalata yofotokoza chimene chinachitika, muikepo pepala la chiletso limene munapatsidwa pa chipata, masamba a pasipoti, ndi umboni: kalata ya dokotala, kapena lisiti losonyeza kuti munapempha kuonjezera masiku koma yankho linachedwa. Pepala la pa chipata lija musalitaye chifukwa cha mkwiyo. Popanda ilo pempho limavuta.

Ndikasintha pasipoti, sizitha pomwepo?

Ayi. Chiletso chimalembedwa pa munthu, dzina lake ndi tsiku lake lobadwa, ndipo wogwidwa amatengedwanso zidindo za zala. Kusintha dzina kapena zaka kuti mupeze pasipoti ina ndi mlandu kuno kumudzi komanso kumeneko.

Bwana akukana kundilipira, akuti akandinenera. Mwana wanga amubweza kusukulu. Ndilibe chonena?

Muli nacho. Mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health, khoti la za ntchito linagamula kuti munthu wopanda chilolezo chogwirira ntchito ndi wantchitobe, ndipo akhoza kukadandaula ku CCMA, bungwe lomva madandaulo a pantchito. Bwanayo nayenso ali pa mlandu: kulemba ntchito mlendo wopanda chilolezo ukudziwa ndi kulakwa komwe chilango chake ndi chindapusa kapena ndende mpaka chaka chimodzi pa ulendo woyamba. Za ana, khoti lalikulu la ku Makhanda linagamula mu 2019 kuti mwana asabwezedwe kusukulu chifukwa chosowa mapepala. Ndipo gawo 27 la malamulo oyendetsera dzikolo limati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi kuchipatala. Ufulu umenewu sukukonzerani mapepala, ndipo kuufuna kumafuna kulimba mtima, choncho ndi bwino kudzera kwa mabungwe othandiza alendo monga Lawyers for Human Rights kapena Scalabrini Centre ku Cape Town.

Ku America ndi ku Britain zili chimodzimodzi?

Mfundo ndi yomweyo, zaka ndi zimene zimasiyana. Ku America, wopitirira masiku 180 akatuluka amaletsedwa zaka 3, ndipo wofika chaka kapena kuposerapo amaletsedwa zaka 10. Ku Britain, wopitirira masiku 30 amene watuluka yekha ndi ndalama zake amaletsedwa chaka chimodzi, ndipo wochotsedwa ndi boma akhoza kuletsedwa zaka 10. Zotsatira zake sizigwera wopitirirayo yekha. Mu Ogasiti 2025 boma la America linayamba kufuna kuti Amalawi ndi anthu a ku Zambia ofuna viza yokacheza kapena ya bizinesi azisiya chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene linapereka ndi kuchuluka kwa opitirira masiku. Mayi wongofuna kukaona mdzukulu wake wobadwa kumene n'kubwerako akusenza mtolo wa anthu amene sanawaonepo.

Ndakhala zaka zitatu chithere masiku, pasipoti nayonso inatha. Ndiyambire pati?

Yambirani ku ofesi ya kazembe wa Malawi, ku Pretoria kapena ku Johannesburg, mukafunse za pasipoti yatsopano kapena chikalata chapadera chobwererera kumudzi. Ngati muli ndi mkazi, mwamuna kapena mwana amene ndi nzika ya South Africa, onanani ndi loya kapena limodzi la mabungwe aja musananyamuke, chifukwa lamulo limalola munthu wokhala ndi chifukwa chomveka kupempha chilolezo choti akhalebe pomwe pempho lake likuunikidwa, ndipo mukangotuluka chiletso cha zaka 5 chimayamba kugwira ntchito. Ngati mulibe chifukwa chotero, tolerani malipiro anu, tumizani katundu patsogolo, gulani tikiti, mutulukire pa chipata. Ana obadwira konko akhale ndi makalata awo a kubadwa ndi zikalata zoyendera musanakwere basi, chifukwa pa chipata amafunsa za mwana aliyense payekha.