Nthenga Yothothoka Imaulula Makolo a Nkhwazi

Wowulutsa: Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Zengeza kuno ku Chitungwiza. Akuti akapita kokawedza ku Lake Chivero amaona nkhwazi ziwiri pamtengo umodzi chaka ndi chaka. Akufunsa kuti, kodi anapiye a m'chisa cha nkhwazizo ndi a yaimuna yomweyo, nanga munthu angadziwe bwanji?

Katswiri: Zikomo bambo, mwafunsa bwino. Maso okha sangatiuze, koma DNA imatiuza. Mwanapiye aliyense amatenga theka la DNA kwa make, theka kwa atate wake. Mu 1984, Alec Jeffreys wa pa yunivesite ya Leicester anapeza kuti pali zigawo za DNA zimene zimabwerezabwereza, ndipo kutalika kwake kumasiyana pakati pa wina ndi mnzake. Pofika 1987 njira yoyerekeza zigawozi inali itayesedwa kale pa mpheta. Masiku ano mbalame sitichita kuigwira. Nthenga ikathothoka, patsinde pake pamatsala timagazi touma, ndipo timeneto ntokwanira. Timayerekeza zigawo za mwanapiye ndi za zazikuluzo. Chigawo chosapezeka mwa onse awiri chimasonyeza kuti panalowa wina. Ku Kazakhstan ofufuza anatola nthenga pansi pa zisa za ziombankhanga, napeza kuti anapiyewo anali a mbalame ziwiri zosamala chisacho. Nthenga yomweyo imasonyezanso ngati mbalame ili yaikazi kapena yaimuna.

Wowulutsa: Mayi wina wa ku St Mary's akudandaula. Akuti, ntchito yonseyi ndi ya chiyani, pamene akamtema atimalizira anapiye a nkhuku pakhomo?

Katswiri: Pepani mayi, kutaya anapiye kumapweteka, ndipo chitetezo chake ndi khola la waya wotchinga pamwamba. Koma mbalame zomwezi zimatidyera makoswe ndi njoka, ndipo zili ndi adani oopsa: anthu oba m'zisa. Ku mapiri a Matobo, Val Gargett ndi anzake anayamba kulondola zisa za ziombankhanga zakuda mu 1964. Mu 1984, khoti la ku Bulawayo linapeza Jeffrey Lendrum ndi bambo ake olakwa pa mlandu wa mazira a mbalame zotere. Mu 2010 Lendrum yemweyo anagwidwa pabwalo la ndege la Birmingham atamangirira mazira 14 pathupi, ulendo wa ku Dubai.

Wakuba akagwidwa ndi mwanapiye amati, ndinaswetsa ndekha kuchokera ku mbalame zanga zoweta. Kale bodzali linali lovuta kulitsutsa. M'zaka za m'ma 1990 makhoti a ku Britain anayamba kumanga anthu otere, chifukwa magazi anasonyeza kuti mbalame zowetazo si makolo a anapiyewo. Ndiye chifukwa chake ndimaikonda ntchitoyi, mayi: imateteza chisa chimene palibe mlonda angachilondere usiku ndi usana. Mukaona wina akutsatsa mazira kapena anapiye a nkhwazi, musagule, kadziwitseni a ZimParks.