Kupenta m'kati mwa nyumba kuti penti isamatuke

Ambiri muno mu Mtendere timakumbukira penti Khirisimasi ikayandikira. Apongozi akubwera kuchokera ku Chipata, kapena a landilodi akufuna kukweza lendi mu Januwale, basi ndowa ya malita 20 yafika pa wilibala. Pofika Malichi penti ija yatupa, yayamba kumatuka m'munsi mwa chipupa. Timati anatigulitsa yabodza, pamene nthawi zambiri cholakwa chinali chipupa.

Penti ya PVA ili ndi madzi, ufa wopatsa mtundu ndi zomatira. Mukaipaka madzi amauma, zomatira zija n'kugwirizira ufawo pa pulasitala. Koma m'chipupa mukakhala chinyezi, chimafuna potulukira, ndiye chimakankha penti. Chimatulutsanso kamchere koyera kaja mumaona pa mabuloko. N'chifukwa chake nthawi yabwino yopenta ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala, mvula isanayambe. Pulasitala watsopano musiyeni masabata anayi aume. Ngati lata likudontha kapena madzi amadikha kuseri kwa nyumba, konzani zimenezo poyamba.

Gulosi ndi penti ya mafuta. Imalimba pang'onopang'ono ikakumana ndi mpweya, ndipo imapukutika ndi kansalu konyowa. Ndi yabwino pa zitseko, m'khitchini ndi m'munsi mwa chipupa momwe ana amagwira ndi manja a nsima. Mafelemu achitsulo amene timagula ku Kalingalinga, m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata, amafuna penti yofiira yoletsa dzimbiri gulosi isanapakidwe.

Ntchito yaikulu ndi kukonza chipupa. Mwaye wa mbaula utsukeni ndi sopo, apo ayi udzaonekera pa penti yatsopano. Laimu wakale mupaleni yense, chifukwa penti yopaka pa laimu imagwa naye limodzi. Tsekani ming'alu. Gulosi yakale ikhuleni ndi sandipepala yonyowetsa kuti yatsopano ipeze pogwira. Tikuti yonyowetsa chifukwa magulosi ena akale ali ndi mtovu, poizoni yemwe uja anasautsa ana a ku Kabwe ngakhale mgodi wa kumeneko unatsekedwa mu 1994. Fumbi lake limaononga ubongo wa mwana. Ana ndi amayi oyembekezera achoke m'chipindamo mpaka mutakolopa.

Tsopano tiwerengere. Chipinda cha mamita 3 mulitali, 3 mulifupi ndi 2.5 kupita m'mwamba chili ndi zipupa za masikweya mita 30. Pachitini pakalembedwa kuti lita imodzi imakwana masikweya mita 6, kupaka kamodzi kudya malita 5, kawiri malita 10. Pulasitala wokhakhala amamwa yoposerapo. Madzi othira mu PVA akhale okhawo alembedwa pachitini. Wopenta akathira ambiri kuti penti ichuluke, patsiku loyamba chipupa chimawala bwino, koma mukachitsamira chimakusiyirani ufa kumsana. Vundulani ndi mtengo mpaka pansi pa ndowa. Yambani kumwamba, m'makona ndi burashi, pakati ndi rola, ndipo musapake kachiwiri yoyamba isanaume.

Mawindo ndi chitseko zikhale zotsegula tsiku lonse. Fungo la gulosi limapweteketsa mutu ndi kuchititsa chizungulire, choncho musagone m'chipindamo usiku woyamba. Mbaula, kandulo ndi fodya zikhale kutali, pakuti thinazi wosungunulira gulosi sachedwa kugwira moto, ngakhale magetsi atapita ndipo mukufuna kumaliza kachigawo kotsala.

Apa ndipo tikupemphani mumvetsetse, makamaka inu okhala pa yadi ya mabanja ambiri. Thinazi ndi parafini timakonda kugula pang'ono, m'kabotolo ka zakumwa. Zonse ziwiri zimaoneka ngati madzi. Mwana wa zaka ziwiri amadziwa botolo, sadziwa zam'kati. Inu muli pa mpando mukupenta m'mwamba, botolo lili pansi pafupi ndi chitseko, mwana wa aneba walowa. Lembanipo dzina, tsekani zolimba, ikani pamwamba pa kabati, ngakhale mukungopita kukatunga madzi. Mwana akamwa, musamusanzitse, musamupatse mkaka kapena mafuta ophikira, chifukwa akasanza mankhwalawo amalowa m'mapapo. Mutengeni pamodzi ndi botololo, thamangirani ku kiliniki ya Mtendere kapena ku chipatala cha Levy Mwanawasa, ngakhale akuoneka kuti ali bwino.