Katundu wanga ndimuikize kwa yani ku Petauke?

Azakhali,

Ndine mayi wa geni wa ku Mchinji. Kanayi kapena kasanu pachaka ndimawoloka pa Mwami kukagulitsa mpunga ndi usipa ku Petauke, nthawi zina mpaka ku Nyimba, ndipo pobwerera ndimapikula mtedza. Ulendo uliwonse ndimasenza sikelo, matumba, lona, kamatiresi, mapoto ndi mbaula, makondakitala n'kumandidula ya katundu popita ndi pobwera. Msuweni wa amuna anga ku Petauke akuti ndizisiya kwawo ulere. Mwini resitihausi ina ku Nyimba akuti andisungira ndikamalipira pamwezi. Amuna anga akuti ndingochita lendi kachipinda. Ndikuopa kuluza katundu, komanso ndikuopa kukhumudwitsa wachibale. Nditani?

Wothedwa nzeru, Mchinji

Zikomo amayi,

M'mizinda ngati Johannesburg ndi London muli makampani obwereketsa timazipinda tokhoma, munthu n'kusiyamo katundu chaka chathunthu. Ku Petauke ndi ku Nyimba katundu amasungidwa ndi munthu, choncho chofunika kuganizira ndi amene mukumuikiza komanso zimene mwapangana naye. Langizo langa ndi lakuti musiye katundu wochepa, m'thiranki yokhoma, kwa munthu wokhazikika pamalo, muzimulipira ngakhale akhale wachibale, ndipo zimene mwagwirizana muzilembe pamaso pa mboni.

Kumbukirani kuti ku Zambia ndinu mlendo, ndipo masiku anu amawerengedwa pachipata. Malamulo a kumeneko amapatsa mlendo wamba masiku 90 pa miyezi 12, wobwera pa bizinesi masiku 30, pokhapokha atatenga chilolezo cha amalonda owoloka malire, chomwe ndi bwino mukachifunse ku ofesi ya zolowa ndi kutuluka. Zivute zitani, katunduyo azikhala nthawi yambiri ya chaka inu kulibe. Kutali n'kutalinso: kuchoka pa Chipata mudutsa Katete ndi Sinda, makilomita pafupifupi 180 kuti mufike ku Petauke, ndipo Nyimba ali patsogolo pake. Simungangodzuka m'mawa kukasuzumira ngati denga likudontha. Chaka cha 2020, Covid-19 itavuta, amalonda ambiri anatha miyezi osawoloka. Ichi n'chifukwa chake maganizo a bambo akunyumba, ngakhale akumveka aulemu, ndi amene ali odula komanso oopsa kwambiri. Mudzalipira lendi ya miyezi 12 kuti mugonemo masabata ochepa. Chipinda chimene mudzi wonse ukudziwa kuti mwini wake ali ku Malawi chimakopa akuba. Mvula ikayamba mu Novembala palibe wotsegula chitseko kuti aone chiswe chikukwera khoma, ndipo mukadzafika mu Epulo matumba adzakhala atasanduka dothi.

Mwina mukuti chibale ndi fupa, sichiola, ndiye kulipira msuweni kuli ngati kumuyesa mlendo. Mantha amenewo ndi omveka, koma taganizirani mmene katundu woikiza ulere amathera. Pagwa maliro, mapoto anu atuluka kukaphikira anamalira. Chimanga chafika pakhomo, lona ayanikapo. Mnansi akufuna kuyeza nyemba, sikelo ipita. Palibe amene waba, ndipo wokana kubwereketsa pa nthawi yotere amatchedwa wouma mtima. Koma sikelo ikabwera itathyoka, inu mulibe pakamwa pofunsira, chifukwa munasungiridwa mwachifundo. Mudzangomeza, msuweniyo adzaona kuti mwameza, ndipo moni adzayamba kuzizira. Ndalama yapamwezi imapatsa wosunga chonena kwa obwereka, kuti "izi n'zaeni, amandilipira", ndipo inu imakupatsani ufulu wofunsa popanda kuoneka wosayamika. Musaitche lendi ngati mawuwo akulasa. Itcheni ya sopo, bola ikhale yodziwika kuchuluka kwake ndi tsiku lake. Mapoto ndi mbaula muwauze poyera kuti azigwiritsa ntchito, koma za m'thiranki zikhale zokhoma, kiyi ali ndi inu.

Ena anganene kuti pepala n'lachabe, popeza simungakasume kukhoti la dziko lina chifukwa cha lona. N'zoona, ya basi yokha ingapose mtengo wa lonayo. Koma pepalalo ntchito yake n'kukumbutsa anthu amene panalibe pomwe munkapangana. Wosunga akhoza kusamuka, kudwala kapena kumwalira, ndipo pogawa chuma chamasiye chilichonse chopezeka m'nyumba chimawerengedwa cha malemu ngati palibe umboni wina. Pa resitihausi antchito amasintha, nyumba imagulitsidwa, ndipo watsopano sadziwa kuti thiranki ya pakona ndi ya mayi wa ku Mchinji. Lembani mapepala awiri ofanana: mndandanda wa zinthu, ndalama ya pamwezi, dzina la munthu mmodzi amene angakatenge inu mutalephera, ndi chochita ngati mutakhala chete chaka chathunthu. Mboni ikhale munthu wosasuntha, monga nyakwawa, mkulu wa mpingo kapena wapampando wa msika. Jambulani katunduyo ndi pepalalo pafoni. Mtengo muugwirizane mu kwacha ya Zambia, chifukwa ndi imene wosungayo amagulira mchere. Mu Novembala 2023 kwacha yathu inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo wolandira ndalama ya Malawi akanaona malipiro ake atafota osalakwa kanthu. Lipiriranitu miyezi itatu musananyamuke, kapena muzitumiza pafoni, uthenga wake ukhale risiti yanu.

Chotsala n'kusankha zosiya. Siyani zokhazo zimene zitatayika mungadandaule sabata imodzi geni n'kupitirira. Ndalama, ziphaso ndi makalata a pachipata ziziyenda nanu. Mtedza, mpunga ndi usipa wotsala musaikize, chifukwa makoswe, anankafumbwe ndi chuku sizidikira mwini, ndipo zidzaononga ndi za m'nyumba ya eni zomwe. Chimanga musayerekeze n'komwe: boma la Zambia limaletsa kawirikawiri kuchitulutsa m'dziko, ndipo matumba a mlendo atawunjikidwa m'nyumba angamuike wokusungirani m'mavuto. Thiranki ikhale yachitsulo, isanjikidwe pa njerwa, italikirane ndi khoma. Matiresi muwayanike aume bwino musanawakulunge mu pulasitiki, mabatire a sikelo muwachotse.

Musagawe katundu pakati pa Petauke ndi Nyimba, mapanga awiri avumbwitsa. Pochokera ku Mchinji mumayamba kufika pa Petauke, ndipo ndi kumene mumapita kawirikawiri, choncho msuweniyo ndiye woyamba kumufunsa, ngakhale boma la Petauke lili kapatali pang'ono ndi msewu waukulu. Bambo akunyumba ndiwo akayambe nkhaniyi, popeza ndi mbale wawo, afotokoze kuti ndalama ndi pepala n'zoteteza iyeyo. Akakana zonse ziwiri n'kuumirira kuti "ingosiyani, ndife amodzi", muthokozeni, muzimuyendera ndi kaphukusi ka mpunga monga kale, koma thiranki ipite ku resitihausi, ndipo mukapangane ndi mwini wake weniweni. Kulikonse kumene mungasankhe, ulendo woyamba musiye matumba ndi mbaula zokha. Mukadzazipeza zili bwino, ulendo wachiwiri mudzasiye ndi sikelo yomwe.

Azakhali