Ng'ombe zadya dimba: ndalama za mlandu alipire ndani?

Pulogalamu ya zamalamulo pa wailesi sabata ino inatsamira kwa Mfumu Maseya ku Chikwawa, kumene ng'ombe ndi madimba zimakhala moyandikana kwambiri.

Kalata yoyamba ya omvera inali ya mayi amene ng'ombe za mnansi wake zinathyola mpanda n'kumudyera chimanga chitangoyamba kubereka. Khoti la majisitireti ku boma linamupatsa chipukuta misozi. Tsopano akufuna abwezeredwenso za kabaza, za minibasi ndi zimene ankadyetsera mboni zake. Mnansiyo akuti analipira kale, zinathera pomwepo.

Loya wa pulogalamuyo anayamba ndi funso: "Mayi, kodi chigamulo chanucho chinatchulapo za ndalama zoyendetsera mlandu?" Chipukuta misozi, iye anati, n'cha chimanga chokha. Zoyendetsera mlandu zimafuna lamulo lakelake la khoti. Kawirikawiri woluza ndiye amazisenza, koma khoti lili ndi mphamvu yonena kuti aliyense adzilipirire zake. Ngati lamulolo lilipo ndipo mnansi akuzemba, mayiyo abwerere kukhoti akapemphe kuti a sherifu akalande katundu. Kukadzimasulira yekha mbuzi m'khola la mnzake ngati chikole n'kudziputira mlandu wina.

Za malisiti a maulendowo loyayo anasekako pang'ono, poti wakabaza sadula lisiti. Analangiza kulemba m'kope tsiku, ulendo ndi ndalama zake.

Kalata yachiwiri ndiyo inali yowawa. Bambo wina anakana zokambirana ndi mnzake kwa nyakwawa pa nkhani ya ng'ombe, mlandu unakwera phiri mpaka ku High Court ku Blantyre, ndipo analuza. Bilu ya loya wa mnzakeyo yaposa mtengo wa ng'ombe zimene zinayambitsa nkhani.

"Musathamangire kugulitsa ziweto, bambo," anatero loyayo. Pa malamulo a 2017 oyendetsera milandu ya anthu awiri ku High Court, mbali ziwiri zikasemphana pa bilu, Registrar amaiunika chimodzichimodzi n'kudula zosayenera kapena zokokomeza. Si zonse zimene wopambana anapangana ndi loya wake zimagwera woluza. Koma bamboyo ayenera kukaonekera pa tsiku lounikalo n'kutsutsa. Akakhala kumudzi, palibe womulankhulira.

Wopanda ndalama za loya apite ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma loimirira anthu osowa, atatenga chigamulo, biluyo ndi mapepala onse amene analandira kukhoti.